Nyumba Yonse Yakhoza Terseira, Kupatula Dito

Ana inu, khalani pansi. Celina, foniyo iike chafufumimba pamkekapo, siithawa. Zito, choka pamenepo. Ndaona kale kuti ukufuna kuzungulira kuseri ukaponye mawu pa zenera la kuchipinda. Maso angawa ndi okalamba koma sanapume pantchito. Bwera ukhale apa pamthunzi, pafupi ndi mwendo wanga.

Lamulo la masana ano ndi limodzi. Dito, mzime wa amayi anu, ali m'chipindamo ndi buku lake, kaderno wake wolembamo ndi lapizi wolembera. Palibe alowemo mpaka atuluke yekha. Ngakhale ine amene.

Chifukwa chake mukuchidziwa, ngakhale mukuyang'ana kumbali. Dzulo aphunzitsi ake anaitanitsa amayi anu kusukulu. Ine ndinawaperekeza, ndinakhala pa benchi kumbuyo. Aprofesora, aphunzitsiwo, anayamba ndi kuyamikira. Anati m'kalasi yonse ya terseira, chaka chachitatu cha sukulu, mulibe kaderno woyera ngati wa Dito. Tepese, ntchito yokalembera kunyumba ija, amabwera nayo yokhoza tsiku lililonse, cholembera chofiira sichinapondemo chiyambire chaka. Amayi anu anayamba kukonza kapulana, chitenje chawo, m'chiuno, nkhope ikuwala. Kenaka aprofesora anatsegula tsamba lina n'kunena kuti, "Dito, tawawerengera amayi ako zimene unalemba dzanazi." Dito analiyang'ana tsambalo monga mmene mbuzi za kuno ku Chingodzi zimayang'anira ndege ikamatera. Anayang'ana kudenga. Anayang'ana ine. Mawu ngakhale amodzi sanatuluke. Ndiye aprofesora anati chaka chikatha asanayambe kuwerenga, abwereza terseira, anzake apite.

Ananenanso, mwaulemu ndithu, kuti mwanayu ali ndi mphatso yodabwitsa. Lolemba amalemba zilembo zozungulira bwino ngati mtsikana wa ku sekundariya, Lachinayi amalemba mokalakala ngati munthu amene anzake akumudikira ku mpira. Ukuseka chiyani, Zito? Wa Lachinayiyo ndani?

Ine zonsezi ndakhala ndikuziona ndili pa makina anga osokera pakona paja. Tepese ikalowa m'nyumba muno imalandiridwa ngati mlendo wochokera kutali. Celina amalanda lapizi, akuti Dito akuchedwa. Zito amafunsa foni. Amayi anu amajambula tsamba n'kutumiza ku gulu la makolo, kumene azimayi akuluakulu a maukwati awo amakangana mpaka kutukwanana za yankho la funso la mwana wosatha kumanga nsapato. Abambo anu amaimba ali kuntchito ku Moatize, kufuula yankho pakati pa phokoso la magalimoto a malasha. Pamwamba pa zonsezo pali esplikasau, sukulu yoonjezera ya kuseri kuja, kumene ana amadzaza mpaka pakhomo, kukopera zimene wina walemba kale pa bolodi. Dito amakhala pakati, akumung'unya malambe, akuonerera anthu akuluakulu akutuluka thukuta ndi ntchito yake. Musamunene kuti ndi wopusa. M'nyumba muno wochenjera ndi iyeyo. Tonse takhoza terseira, ena kachiwiri, ena kachitatu, kupatula mwini wake.

Tsono poti mukhala pano nthawi yaitali, ndikuuzani za ine. Mukudabwa, chifukwa ine vovó wanu, mayi wa amayi anu, sindiyankhula. N'zoona. Koma ndikasiya kuyankhula muthawira m'chipindamo, ndiye pirirani.

Ndinabadwira ku Angonia, kumtunda kozizira, kumene m'nyengo yachisanu madzi a mumtsuko amaluma mano. Amayi anga nkhope yawo sindiikumbukira. Ndimangokumbukira nsalu yobiriwira ndi chifuwa chimene chinawatenga. Abambo anachoka m'mawa wina m'nthawi ya nkhondo kukaona ng'ombe, ndipo sanabwerere, ng'ombezo nazonso. Ndinazungulira makomo angapo a achibale, ndikuphunzira kukhala ngati mpando: uli m'nyumba, koma palibe akukuona, palibe akukukalipira. Kukhala chete kwanga kunayambira kumeneko, ndi kuyang'anitsitsa komwe. Kenaka anabwera agogo anga Anangozo, amayi a amayi anga, nandinyamula osapempha aliyense.

Musawaganizire ngati nkhalamba yofatsa. Anali aafupi, koma mawu awo ngati belu la tchalitchi. Akamanong'ona, a nyumba yachitatu ankayankha. Ndimaganiza kuti Mulungu ataona kuti mawu a anthu awiri wawathira mwa munthu mmodzi, ine anangondipatsa zotsalira m'mbale.

Nkhondo itayandikira, agogo anaganiza zotsikira kuno ku Tete, kumene ankatumiza kale mbatata ya kachewere. Inu mukamapita kwathu ku Ulongwe mumakwera shapa, kaminibasi kaja, m'mawa, masana mwafika, n'kumadandaula kuti foni yatha moto. Ife tinakwera pamwamba pa lole, pa matumba a kachewere ndi kabichi, m'mzere wa magalimoto operekezedwa ndi asilikali. Galimoto yakutsogolo ikaima, anthu onse ankangoti zii, ngakhale makanda. Agogo okha ndi amene ankafunsa mokweza kuti taimiranji, ndipo msilikali wina anawapempha, mowagwadira ndithu, kuti akhaleko chete. Tinanyamuka titavala majuzi. Pofika pa mlatho wa Zambezi ndinaganiza kuti wina wasonkha moto pansi pa lole. Amayi a Chinyungwe pamsika anatiseka, kuitanizana kuti adzaone anthu ovala zaubweya m'ng'anjo. Ine ndinavula. Agogo anakhala ndi juzi yawo mpaka dzuwa kulowa, thukuta likuyenderera m'zigongono, kuti asaoneke ngati amva.

Tinapeza kachipinda ku Canongola, kuseri kwa nyumba ya eni. Agogo anapeza malo pamsika, pamzere wa anthu a kumtunda. Ndinaphunzira kudya masau ndi phala la malambe, ndi nsomba zouma za ku Chicoa, zamchere woti ukadya umamwa madzi mpaka mawa. Inu mumazidya ngati munabadwa nazo, ndipo Chichewa chanu chasakanikirana ndi Chinyungwe ndi Chipwitikizi moti abale a kumtunda akabwera amandifunsa kuseri kuti anawa akuti chiyani.

Mwamva? Dito wayamba kuitana mlongo wake wamkulu. "Mana Celina! Mana Celina!" Khala pansi, Celina. Sakufa. Akanakhala kuti walumidwa ndi chinkhanira bwenzi kulira kwake kuli kwina. Uko ndi kuitana kwa bwana amene wantchito wake wachedwa.

Ndinali pati? Sukulu. Sukulu agogo anandisankhira ndi makutu. Iwo sanalowepo m'kalasi chibadwire. Chimene ankadziwa n'chakuti ukamadutsa pasukulu pamamveka ana akufuula pamodzi, ba, be, bi, bo, bu, mpaka mbalame kuthawa m'mitengo. Kwa iwo maphunziro anali phokoso limenelo. Anayendera masukulu apafupi, kuima kunja kwa mpanda, kutchera khutu, n'kusankha yosokosa kwambiri.

Inu chaka chikamayamba mumalirira chikwama cha zithunzi. Ine kaderno wanga woyamba anali thumba la simenti. Agogo analipempha kwa omanga nyumba, analikung'untha fumbi, analidula, analisoka ndi ulusi womangira matumba a kachewere. Lapizi ankadulidwa pakati, theka lina kukagona m'kachitini. Chofufutira chinali kachidutswa ka patapata wakutha, ndipo chinkachotsa cholakwa pamodzi ndi pepala lomwe. Cholembera chofiira cha aphunzitsi, chimene amayi anu amachiopa ngati magazi, agogo ankachikonda. Ndikabwera ndi tsamba lofiira lonse ankalionetsa anzawo pamsika: "Taonani mmene agwirira ntchito pa mwana wanga." Ndikabwera ndi tsamba loyera ankakwiya. "Lero sanakuone? Unakhala kumbuyo?" Kaderno wa Dito akanamuona akanapita kukachita mlandu.

Zonse zinali m'Chipwitikizi. Pamenepo ife a kumtunda ndi anzathu a Chinyungwe tinali pachibale: tonse tinkafuula zimene sitinkazimva. Ndanama, si tonse. Ine ndinkangogwedeza milomo. Kunyumba ndinkatsegula buku n'kumaliyang'ana mwakachetechete, ndipo pamenepo ndi pamene panayambira mavuto.

"Iwe Malita, ukutani?"

"Ndikuwerenga, agogo."

"Ukuwerenga? Nanga ine sindikumva bwanji? Makutu anga afa?"

"Ndikuwerenga chamumtima."

"Chamumtima! Ana a eni akung'amba kukhosi uko, iwe wangokhala kulondera buku ngati mlonda wa pasitolo. Bukulo lili ndi mawu, kapena anakupatsa lakutha?"

Ndinatseka bukulo, zimene zinangotsimikiza mlandu. Ndiye anagamula. "Masau akapsa ndisanamve bukulo likuyankhula, sukulu yatha. Ukakhala pa kachewere. Kumeneko kukhala chete si vuto, woyankhula ndilipo."

Sankaopseza chabe, ana inu. Agogo akanena chinthu, chinkachitika ngakhale iwo omwe atasintha maganizo. Ndipo ine sukulu ndinkaifuna. Sindinkadziwa kuti imathera kuti, koma anali malo okhawo amene dzina langa linkaitanidwa m'mawa uliwonse, kalasi yonse n'kudikira kuti ndiyankhe.

Asanandichotse anaona kuti ndi bwino akamve mbali inayo. Aphunzitsi athu anali bambo wochokera kumwera, wosamva Chichewa ngakhale Chinyungwe. Agogo anavala za kutchalitchi, anagwira mayi wosesa pasukulupo kuti amasulire, n'kuima pakhomo pa kalasi ana onse akuona. Anafunsa kuti ana ena mwawagawira mawu, wanga mwamumana chifukwa chiyani? Chifukwa alibe bambo? Mayi womasulirayo ndikuganiza anachotsako minga zina, komabe aphunzitsi anapukuta thukuta. Anati mwanayo azikuwerengerani mokweza kunyumba tsiku lililonse. Mpaka lero ndimakhulupirira kuti anangofuna kuti agogo achoke pakhomopo.

Kuyambira pamenepo, ndikaweruka ndinkapita kumsika, kukhala pa thumba kuseri kwa mulu wa kabichi, n'kumawerenga mokweza. Kukweza kwanga kunali kunong'ona kwa anthu ena. "Kweza! Ukuuza nyerere?" Zilembo ndinkatha kuzilumikiza pang'onopang'ono, mawu n'kutuluka. Koma chimene mawuwo ankanena sindinkachidziwa, ndipo sindinkadziwanso kuti pali china choti munthu adziwe. Masiku oyamba agogo anakhutira, akuponya maso kwa anzawo a pamzere. Koma anali ndi matenda amodzi osachiritsika. Sankatha kupirira kumva munthu akuyankhula iwo osadziwa kuti akunena yani.

"Tsono akuti chiyani?"

"Ndani, agogo?"

"Ali m'bukumo. Wayankhula nthawi yonseyi. Wati chiyani?"

Ndinayang'ana chithunzi. Panali mtsikana atasenza mtsuko. Dzina lokha ndi limene ndinalizindikira, chifukwa linkabwera kawirikawiri.

"Ndi Olinda, agogo."

"Olinda mwana wa yani?"

"Sindikudziwa."

"Mtsukowo ndi wa amake kapena wobwereka?"

"Sindikudziwa."

"Iwe wakhala ukucheza ndi munthu chiyambire dzana, ndi kwawo komwe sukukudziwa? Bwerera ukamve bwino."

Ana inu, musaganize kuti imeneyi inali nzeru ya uphunzitsi. Agogo ankakhulupirira ndi mtima wonse kuti boma silingawononge pepala kulemba za munthu amene kulibe. Olinda anali mwana weniweni, mwina wa ku Maputo, ndipo nkhani za pakhomo pawo zinali zitagwera m'manja mwathu. Iwo ankangofuna miseche basi, miseche yochokera kutali, imene amayi ena pamzerewo analibe.

Wondithandiza analipo, pafupi pomwepo. Amuna awo a Anachisale, mayi wogulitsa matimati moyandikana nafe, ankagwira ntchito mu ofesi, ndipo masana ankabwera kudzakhala pa benchi ya akazi awo. Chipwitikizi chinali ngati madzi akumwa kwa iwo. Koma agogo ndi Anachisale anali pa chidani chifukwa cha mthunzi wa mtengo umene aliyense ankati ndi wake. "Ndikangokuona ukupita uko ndi bukulo, ndikuthyola miyendo. Adziwe za Olinda ife tisanadziwe?"

Ndiye ndinatsala ndekha ndi Olinda. Mawu ndinkawatola ngati nkhuku, limodzilimodzi. Akazi a mabwana akabwera kudzagula ndinkamvetsera, ndikuona chimene chala chawo chikuloza. M'kalasi ndinayamba kuyang'ana manja a aphunzitsi. Akanena kuti "partiu" ankachita ngati akuthyola kamtengo, ndipo ine mtima unkati phaa, chifukwa mawu amenewo ndinawasiya pa tsamba la Olinda, pafupi ndi mtsuko. Mawu ena ankanditengera masiku. Ndikabwera ndi zosamveka, agogo ankazibweza monga ankabwezera kachewere wowola kwa mwini lole. "Palibe munthu angabwere kumadzi asanapiteko. Bwerera." Ndikabwerera ndinkapezadi kuti ndalumpha mzere. Nthawi zina ndinali nditawerenga bwinobwino, bukulo ndi limene linkanena zopanda mutu. Pamenepo mlandu unkagwera amake a Olinda.

Chagwa n'chiyani? Lapizi. Wamuponya kukhoma. Akamutola yekha, miyendo ali nayo. Akuti ludzu? Chabwino, m'kutentha kuno munthu samanidwa madzi. Zito, tenga kapu, uike pakhomo, ugogode, ubwere. Milomo yako ndikuiona ndili pano.

Wabwera? Wati chiyani? Wati vovó ndi mfiti. Ndiye kuti mphamvu zikadalipo.

Musaganize kuti ine ndakhala panja pano chifukwa ndine woyera kuposa inu. Dzulo titachoka kusukulu ndinakhala naye pansi, ndikuti ndichite monga ankachitira Anangozo. Anayamba, "ca… ca…" ndipo ndinangomva pakamwa panga pakuti "cabrito", kambuzi m'Chipwitikizi. Ine, amene kutchalitchi amandifunsa Lolemba chifukwa chimene sindinabwerere dzulo, chonsecho ndinali pa benchi yachiwiri! Munthu wodziwa kuwerenga akaona mwana akulimbana ndi mawu, lilime limamuyabwa ngati walawa chitedze. Agogo anali ndi mwayi umene ine ndilibe: analibe yankho loti apereke. Ndiye lero ndadzitulutsa ndekha, pamodzi ndi inu.

Tibwerere kumsika. Masau anali atayamba kufiira m'madengu a amayi a Chinyungwe pamene ndinamaliza tsamba lonse. Ndinawauza agogo kuti Olinda anatumidwa kumadzi, panjira anaima kusewera ndi anzake, mtsuko unagwa n'kusweka, iye anapita kukanena zoona kwa amake, amakewo n'kumukhululukira.

"Kumukhululukira? Osamukwapula?"

"Osamukwapula, agogo."

"Ngakhale kumukoka khutu?"

"Sanalembe."

"Hm. Ku Maputo mitsuko ndi yambiri."

Dzuwa lisanalowe mzere wonse unali utamva. Mayi wa nyemba anati mwanayo akuleredwa moipa, adzavuta ku ukwati. Mayi wa anyezi anati mwina ndi mmodzi yekhayo m'mimba mwa amake, musaweruze. Ngakhale Anachisale anasendera pafupi, akunamizira kuingitsa ntchentche pa matimati. Za kusiya sukulu sizinatchulidwenso. Mungakonde nditanena kuti agogo anaona tsogolo langa likuwala. Ayi ndithu. Pa tsamba lotsatira panali mlongo wake wa Olinda amene anataya mbuzi, ndipo agogo sakanalola kuti nkhani ya banja losasamala chonchija ithere panjira.

Zaka zinapita motero. Chaka chilichonse buku latsopano, anthu atsopano oti aweruzidwe pamzere wa kabichi. Mawu anga sanakule kwenikweni, koma anthu anaphunzira kukhala chete ndikatsegula buku, ndipo amenewo ndi malipiro aakulu kwa munthu wa mawu ang'ono. Olinda sanabwerenso m'mabuku a makalasi apamwamba, zimene zinawadetsa nkhawa agogo. Ankafunsa oyendetsa malole ochokera kumwera ngati akumudziwa. Mmodzi, pofuna kabichi wa basela, anawauza kuti anakwatiwa ndi wapolisi. Agogo anagwedeza mutu n'kuti, "Ndinadziwa."

Sukulu ndinailekeza ndili mtsikana wamkulu. Ndinaphunzira kusoka kwa mayi wina wa m'dera la Josina Machel, amene ankanditenga chifukwa ndinkatha kulemba miyezo ya makasitomala ndiponso sindinkaulula kukula kwa chiuno cha munthu. Ndinakwatiwa ndi agogo anu aamuna, amene Celina yekha ndi amene anawaona. Tinasamukira kuno kukali miyala, minga ndi mbuzi, ndege ikatera anthu n'kusiya makasu kukaonerera. Malasha asanabweretse anthu a mitundu yonse ndi nyumba zawo za mipanda, unkatha kuima pano n'kuona munthu akutsika pamsewu waukulu.

Anangozo anakalambira m'manja mwanga. Maso atachita khungu ndinkawawerengera chilichonse chopezeka, kapepala ka mankhwala, nyuzipepala yokulungira nsomba, ndipo aliyense wotchulidwamo ankafunsidwa kwawo ndi makolo ake. Tsiku lina, ndili ndi amayi anu kumsana, ndinaona kuti ndakula mokwanira kuwauza zoona. Ndinati Olinda anali wongopeka, anamulemba kuti ana aphunzirirepo kuwerenga. Anakhala chete, chinthu chimene ndinali ndisanachionepo. Kenaka anati, "Iwe Malita, zaka zonsezi za sukulu sunamvebe bwino. Ukuti munthuyo kulibe. Nanga mtsuko uja anaswa ndani?" Sindinabwerezenso. Anamwalira asakudziwa chilembo ngakhale chimodzi, ndipo lapizi wanga sanamugwirepo kupatula pomudula pakati.

Mwaona kuti kwati zii? Celina akuti wagona. Mwina. M'kutentha kumeneku ngakhale abuluzi agona. Ndikuuzeni zoona, mtima wanga suli m'malo. Taonani zimene ukalamba umachita. Ine amene ndinavutika chifukwa chowerenga chamumtima, ndakhala pano khutu lili kuchitseko, ndikulakalaka phokoso. Ndipo dzuwa lapendeka. Amayi anu atsika shapa posachedwa, ndipo iwo sangadutse chitseko chimene kuseri kwake kuli mwana wawo wolira. Alowa ndi chikwama chomwe, foni ili kale m'manja. Sindikuwanena, ndi mwana wanga, mtima wake ndi wofewa ngati papaya. Dzulo analira njira yonse, mwina chifukwa cha Dito, mwina chifukwa cha zimene amve anzawo a pagulu la makolo. Akangolowa Dito asanathe, mawa kaderno apitanso kusukulu ali woyera, mwini wake ali chimodzimodzi.

Chete. Tamverani. Si wailesi ya kuseri imeneyo? Ayi. Ndi iyeyo. Akung'ung'udza ngati njuchi yolowa m'botolo. Waima. Wabwerera poyambira. Waimanso pomwe paja. Celina, manja ako akhale pamiyendo, ndikuona zala zikulemba m'malere. Wadutsa. Zito, usapume mokweza.

Icho chitseko chatseguka. Musamuyang'ane nonse ngati mwaona mzukwa. Bwera, Dito, bwera kuno. Nkhope yonse mamina ndi makala a lapizi. Ndione kaderno. Eya, Celina, ndaona ndekha, usatalikitse khosi. Tsamba ndi loyera, palibe chalembedwa. Masana onsewa, Dito?

"Sindingalembe ndekha," akutero.

Ungathe, mwana wanga. Dzanja uli nalo.

"Ayi, vovó. Bukuli likukana."

Buku limakana bwanji? Tatsegula, utiwerengere pamene likukanapo. Celina, luma lilime. Inenso ndaluma langa.

"Pe… pe-de. Pede. A um… ma… mais. Ve… ve-lo. Ayi. Ve-lho. Mais velho. Da tu-a ca… casa."

Pitiriza, chala chisachoke pamzere.

"Ndawerenga kale mpaka kumapeto, kambirimbiri! Akuti ndipemphe wamkulu wa pakhomo pano andiuze mmene sukulu inalili kale, ine ndilembe ziganizo ziwiri. Inu mwanditsekera m'chipinda, n'kumauza awa!"

Zito, ukaseka choncho ugwa pakhondepo. Celina, tenga bukulo uone, ndi maso okha. N'zoona? Zonse, mmene wanenera? Dito, wakuuza ndani?

"Palibe. Si munaletsa inu nomwe?"

Ndinaletsadi. Mubwezere buku lake, Celina. Awo amayi anu akukhota pa ngodya ndi chikwama chawo. Asiyeni abwere, palibenso woti amupulumutse. Zito, kanditungire madzi, kukhosi kwauma. Celina, sendera uko, mlongo wako akhale apa, lapizi m'manja mwake.

Wati ziganizo zingati, Dito? Moyo wanga wonse, ziganizo ziwiri? Chabwino. Ine ndiyankhula zonse, kuyambira poyamba. Ziwirizo usankha wekha.